Chitsulo Chosabweza

Anafika Lachiwiri, magetsi atazima,
ine ndili khale pa tayala lakutha kuseri kwa msika wa Ndirande,
kudikira kuti makina anga owotcherera adzuke.
Nsapato zake zinali psuu ndi dothi la ku Michiru.
"Ndine Nankwenya," anatero. "Ndimaphunzitsa alonda a nkhalango kuwombera.
Ndikufuna chitsulo choti chizimenyedwa tsiku lonse
osasunga mangawa."

Ndinamuyalira zomwe ndinali nazo:
chitseko cha lole, tako la mgolo,
zotsala za geti la munthu wina amene sanamalize kulipira.
Anazidutsa ngati akudutsa tomato wadzana.

Kenaka anapinda mkono wa malaya.
Chipsera, mmunsi mwa chigongono, kutalika ngati chala.
"Apa sanandiwombere munthu ayi.
Chitsulo chofewa ndicho chinandichita izi.
Chipolopolo choyamba chimakumba kadzenje,
chachiwiri chimakulitsa,
chachitatu chimalowa m'dzenjemo n'kutembenuka,
kubwerera kwa mwini wake
ngati katapila pakutha pa mwezi."

Tinatsetsereka mpaka m'mbali mwa Nasolo,
kwa Che Ajasi, kumene magalimoto amakafera.
Ine nyundo m'manja, iye khutu tcheru.
Ndinagogoda china: phwa! Ngati chidebe.
China: gu! Ngati m'mimba mwa wokhuta.
China chinali chokhuthala, chokongola ndithu,
koma tupa itachipsompsona chinalola,
n'kugwetsa ufa wonyezimira.
"Kunenepa si mphamvu," anatero, osayang'ananso kawiri.

Pansi pa zonse, chitameredwa ndi chisoso,
panagona chimpeni cha giredala
chimene chinapala misewu ine ndisanamere ndevu.
Tinachikoka anthu atatu. Ndinachimenya kamodzi.
Ngweee...
Mawu ake anawoloka mtsinje,
mayi wochapa tsidya lija anadzutsa mutu.
Tupa inangoterereka, osapeza poluma.
Che Ajasi ataona nkhope zathu anakweza mtengo pomwepo,
ndipo tinakangana mpaka mzikiti unaitana.

Malangizo ake anali ochepa, olimba ngati chitsulocho:
Osawotcherera pakati, moto umafooketsa mtima wake.
Mabowo awiri okha, kumtunda.
Chilendewere pa malamba a tayala, chizitha kugwedera.
Ndipo chiweramitse nkhope pang'ono,
ngati mkamwini akakumana ndi apongozi panjira,
kuti zonse zochigwera zithere m'dothi.

Mabowo awiriwo anandidyera mano atatu a makina obowolera
ndi Loweruka lathunthu.
Ndinachitukwana. Sichinayankhe.
Ndinachipaka penti woyera, wotsala pa ntchito ya mawindo.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikulumikiza zitsulo
zotsekera mbala kunja, zotsekera anthu mkati,
mbaula, mabedi, mitanda ya pamanda.
Sindinapangepo chinthu chimene ntchito yake yonse
ndi kuima poyera n'kumenyedwa.
Usiku umenewo ndinachedwa kugona.

Patatha miyezi itatu anabweranso nacho pa njinga yamoto
kuti ndisinthe malamba.
Penti yense anali atathawa.
Panatsala timadontho totuwa, mazanamazana,
ngati pansi pa mtengo wogona akakowa.
Ndinatsinzina, ndinayendetsa chikhatho pang'onopang'ono
kufunafuna dzenje.
See, ngati chipumi cha khanda.
"Anyamata anga akuwombera bwino tsopano," anatero.
"Akamva kulira kwake amamwetulira."
Chipsera chake chinali pomwepo, koma sanachitchule.

Kachidutswa kotsala ndinakapachika pa mlongoti wa shedi.
Sikawomberedwa ndi munthu.
Koma magetsi akangoyaka, mwana wanga Tinenenji
amakamenya ndi sipanala, kamodzi kokha,
ndipo akalipentala, ometa, osoka, mzere wonse mpaka kumlatho,
amasiya bawo
n'kudzuka.